Mphamvu ya lata ili m'mizere yake



Mvula yoyamba ikamayandikira, nkhani ya madenga imabwereranso. Chaka ndi chaka timamva pa wailesi kuti mphepo yasasula denga la sukulu yakutiyakuti ndipo ana akuphunzirira pansi pa mtengo. Pa misonkhano ya makolo ndi ya komiti pamabukanso mafunso omwe aja: tigule malata a geji yanji, a mizere yozungulira kapena a IBR, nanga matabwa apite angati? Ndalama zake zimakhala zosonkha, ndipo ena amachita kugulitsa thumba la chimanga kuti aperekepo. Choncho ndi bwino kuti posankha tizidziwa chimene tikulipira.

Lata la padenga ndi lopyapyala kwambiri, nthawi zambiri silifika ngakhale theka la milimita. Likanakhala losalala ngati pepala, silikanatha kudzinyamula lokha pakati pa matabwa awiri. Koma mmisiri wamkulu thupi amakwera padenga n'kumayendapo. Chimene chimamunyamula ndi mizere ija, yokwera ndi kutsika ngati mizere ya m'munda. M'nkhani ino pamwamba pa mzere tipatchula kuti msana, ndipo potsika pamene pamayenda madzi tipatchula kuti ngalande.

Yambani ndi pepala

Tengani mabuku awiri okhuthala mofanana, muwaike patebulo motalikirana masentimita 15. Yalani pepala la A4 pamwamba pake ngati mlatho. Ligwera pakati nthawi yomweyo, kapena likangoikidwa kandalama kamodzi.

Tsopano lipindeni pepala lomwelo m'litali mwake, uku ndi uku, ngati chokupizira mphepo, mpindo uliwonse wa sentimita imodzi kapena awiri. Liyaleninso pa mabuku paja, mipindo ikuchokera pa buku lina kupita pa linzake. Ikanipo ndalama zachitsulo imodziimodzi. Mudabwa kuchuluka kwa zimene linyamule lisanagwe.

Pepala ndi lomwe lija, kulemera kwake n'komwe kuja, simunawonjezepo guluu kapena kamtengo. Chasintha ndi kutalika kwake kuchokera pansi kufika pamwamba. Poyamba kunali kachigawo kamodzi mwa magawo 10 a milimita, tsopano ndi milimita 10 kapena kuposa.

Zimene zimachitika chinthu chikamapindika

Mukamathyola nzimbe pabondo, yang'anani pamene imayambira kusweka. Mbali yakunja, yotalikirana ndi bondo, khungu lake limakokeka mpaka kung'ambika. Mbali imene yagunda bondo imapanikizika n'kuchita makwinya. Pakati penipeni pa nzimbe sipakokeka ndipo sipapanikizika.

Thabwa, chitsulo kapena pepala, chilichonse chopindika chimatero. Mbali imodzi imakokeka, inayo imapanikizika, pakati pamangokhala. Ndiye kuti zimene zimalimbana ndi katundu ndi mbali ziwiri zakunja, ndipo zikatalikirana kwambiri zimalimbana naye mosavuta.

Rula ya m'kalasi imaonetsa zimenezi bwino. Igwireni chogona, ipindika ndi zala ziwiri. Itembenuzeni iime cham'mbali, muyese kuipinda: ikana, mwina ingopotoka. Akalipentala amazidziwa kuchokera pa ntchito. Thabwa la 2 x 6 saligoneka chafulati akamapanga denga, amaliimika cham'mbali, ndipo likaima chotero limauma ka 9 kuposa likagona.

Masamu ake ndi awa, ndipo a Fomu 3 ndi Fomu 4 awazindikira. Kuuma kwa thabwa pokana kupindika kumakula molingana ndi msinkhu wake wochulukitsidwa katatu. Mukawirikiza msinkhu kawiri, kuuma kumakula 2 x 2 x 2, ndiko kuti ka 8. Mukawirikiza katatu kumakula ka 27. Koma mukawirikiza mulifupi mokha, kuuma kumangowirikiza kawiri basi.

Popeza pakati sipagwira ntchito yambiri, amisiri anaona kuti palibe chifukwa chowonongerapo chitsulo. N'chifukwa chake njanji ya sitima ili ndi mutu wokhuthala pamwamba, phazi lotambalala pansi, ndi kakhosi kowonda pakati. N'chifukwa chakenso felemu ya njinga ndi mapaipi obowoka, monga mmene ilili nsungwi ndi bango.

Mizere ya lata imachita zomwezo. Chitsulo china chimakwezedwa kupita pa msana, china chimatsitsidwa kupita mu ngalande, ndipo mbali zotsetsereka zimagwira ziwirizi kuti zisayandikirane. Pa malata a mizere yozungulira amene tinazolowera, kuchokera pa msana wina kufika pa unzake pali mamilimita 76, ndipo kuchokera mu ngalande kufika pa msana pali pafupifupi mamilimita 18. Mukawerengera lata lokhuthala mamilimita 0.4, mupeza kuti mizere imeneyi imaliumitsa kupitirira ka 2,000 poyerekeza ndi chitsulo chomwecho chili chosalala.

Apa tisiyanitse zinthu ziwiri. Mizere imaletsa lata kupindika, koma sisintha chitsulocho. Kung'ambika pa msomali, kubooka ndi kudyeka ndi dzimbiri zimadalirabe kukhuthala kwa lata ndi mtundu wa chitsulo chake. Mfundo imeneyi tiifunanso tikafika pa za geji.

Kumene malata anachokera

Luso limeneli linayambira ku London. Henry Robinson Palmer anali injiniya wa kampani ya London Dock Company, imene inkafuna madenga aakulu koma opepuka a nyumba zosungiramo katundu pa doko. Mu 1829 iye analandira chiphaso cha boma chomuzindikira kuti ndiye mwini wa luso lofolera ndi chitsulo chopindidwa mizere. Vuto la malata oyambawo linali dzimbiri. M'zaka za m'ma 1830 zomwezo, Stanislas Sorel wa ku France analembetsa njira yoviika chitsulo mu zinki wosungunuka, ndipo zinkiyo ndi amene amateteza lata ku dzimbiri mpaka lero.

Malata anafalikira msanga chifukwa amasanjikizana bwino, mizere ya lina ikulowa m'mizere ya linzake, kotero mulu waukulu umatenga malo ochepa m'sitima yapamadzi kapena pangolo. Umu ndi mmene anafikira ku Australia, ku India, ku America ndi kuno ku Africa. Ngakhale liwu lathu loti lata likufanana ndi la Chipwitikizi, limene limatanthauza chitini kapena chitsulo chopyapyala.

Malata a IBR anabwera pambuyo pake kuchokera ku South Africa. Misana yake ndi ya makona, yotalika pafupifupi mamilimita 37, kuwirikiza kawiri ya malata ozungulira. Chifukwa cha msinkhu umenewu amatha kudutsa mpata waukulu pakati pa matabwa, ndipo ngalande zake zotakata zimanyamula madzi ambiri, zomwe zimathandiza pa denga losatsetsereka kwenikweni.

Mphamvu ya mbali imodzi

Bwererani ku pepala lija. Litembenuzeni kuti mipindo ikhale chopingasa, kutsatana ndi m'mphepete mwa mabuku. Silinyamula kanthu, lingofutukuka n'kugwa. Mizere imalimbitsa motsata litali lake lokha.

Aliyense amene anaonapo munthu akuchokera ku sitolo ndi malata pa njinga waona zimenezi. Amawakulunga ngati mkeka n'kuwamanga ndi chingwe cha mphira, ndipo amakulungika mosavuta chifukwa akupindidwa mopingasa mizere. Yesani kulikulunga lata lomwelo kuchokera kumutu kupita kumapazi: likana, ndipo mukalikakamiza lithyoka msana.

Ichi n'chifukwa chake matabwa amene timakhomerapo malata amagona chopingasa, pamene mizere imatsika kuchokera pamwamba pa denga kupita kukhonde. Lata limadzinyamula lokha kuchokera pa thabwa lina kufika pa linzake, ndipo matabwa amaligwira kumbali imene lili lofooka.

Pamene pakufunika kulimba mbali zonse ziwiri, opanga zinthu amaika timapiri m'malo mwa mizere. Thireyi ya mazira ndi pepala chabe lophwanyidwa n'kuumbidwa, koma timapiri take timayenda uku ndi uku, motero imanyamula mazira 30 ndipo mathireyi amasanjikizana mulu wautali.

Katoni, chitini, chigubu ndi ndowa

Ng'ambani kachidutswa ka katoni ya sopo muyang'ane m'mphepete mwake. Muona mapepala awiri osalala, ndipo pakati pawo pali lachitatu lopindika ngati mafunde. Ntchito ya lapakatilo ndi kutalikitsa awiri akunja aja, monga kakhosi ka njanji. Pepala lamafunde linalembetsedwa koyamba ku England mu 1856, ndipo ntchito yake inali kuumitsa zipewa zazitali za nthawi imeneyo. Mu 1871 Albert Jones wa ku New York analigwiritsa ntchito pokulunga mabotolo ndi magalasi a nyali, ndipo mu 1874 Oliver Long analimatiza pepala losalala kuti mafundewo asamafutukuke.

Pa katoni yopangidwa bwino mafunde amaima chilili m'makoma ake, kotero aliyense amakhala ngati kamzati. Eni magolosale, mukaigoneka katoni cham'mbali n'kusanjikapo zina, timizati tija mwatigoneka ndipo katoniyo iphwanyika. Ikanyowanso, pepala limafewa, mafunde amagwa, mphamvu yonse n'kutha.

Chitini cha nyemba kapena cha zipatso chimakhala ndi timizere tozungulira pamimba pake. Chakudyacho amachiphika chitini chili chotseka kale kuti aphe tizilombo. Potentha, za m'kati zimakankhira kunja, ndipo pozizira chitini chimakokeredwa m'kati. Timizere tija ndi timene timachiletsa kufwanyika. Chitini cha chakumwa cha gasi chilibe timizere chifukwa gasi amachikankha kuchokera m'kati n'kuchiumitsa ngati tayala lopopa. Mukangochitsegula n'kumwa, chimaphwanyika ndi dzanja limodzi. Botolo la pulasitiki la madzi akumwa lilibe gasi woti alithandize, n'chifukwa chake lili ndi mizere yambiri.

Chigubu chachitsulo cha malita 20 chonyamulira petulo chinapangidwa ku Germany m'zaka za m'ma 1930. Mphanda imene inadindidwa m'mbali mwake imaumitsa makoma ake, komanso imawalola kufufuma pang'ono mafuta akatentha. Dramu ya malita 200 ili ndi malamba awiri otukuka pamimba, amene amailimbitsa ndiponso ndi pamene imagudubuzikira. Makontena amene ambiri asandutsa mashopu m'matauni mwathu ali ndi makoma a chitsulo cha mamilimita awiri kapena kucheperapo, ndipo akanakhala opanda mizere bwenzi akugwedera ngati chinsalu.

Amisiri athu okhoma ndowa ndi mbaula kumsika amalidziwa bwino luso limeneli. Mlomo wa ndowa amaupinda mozunguliza waya, ndipo pamimba amadindapo mzere umodzi kapena iwiri. Mlomo umenewu ukangothyoka kapena waya akatuluka, ndowa imayamba kupotoka mukainyamula ndi madzi. Yang'ananinso khasu: pakati pake pali msana wochokera ku msuka, umene umaletsa khasulo kupindika likagunda nthaka youma.

Kupinda pang'ono kokha

Sikuti nthawi zonse pamafunika mpindo wakuthwa. Tepi yachitsulo ya akalipentala ndi yopyapyala moti imakulungika m'kabokosi ka m'manja, koma mukaisolola imaima yokha kupitirira mita osagwa. Iyang'aneni kumapeto kwake: ndi yokhota pang'ono ngati ngalande. Munthu wowerenga chilengezo ataimirira amachitanso chimodzimodzi osadziwa: amalikhotetsa pepala pang'ono ndi chala chachikulu kuti mutu wake usagwere kumbuyo.

Katswiri wa masamu wa ku Germany, Carl Friedrich Gauss, anafotokoza mu 1827 lamulo limene lili kuseri kwa zimenezi. Chinthu chosalala chikhoza kukhota mbali imodzi popanda vuto, koma sichingakhote mbali ziwiri nthawi imodzi pokhapokha chitatamuka, kung'ambika kapena kuchita makwinya. N'chifukwa chake simungakulunge lalanje ndi pepala popanda makwinya. Mukalikhotetsa nokha pepala mbali imodzi, mwalitsekera njira yogwera mbali inayo.

Masamba a zomera ali ndi maonekedwe omwewa. Tsamba la mlaza ndi lopindika ngati chokupizira chathu chija, ndipo limaima chotambasuka pa mphepo ya kunyanja. Tsamba la chimanga ndi la nthochi lili ndi msana pakati. Joseph Paxton, wosamalira minda ya maluwa ku Chatsworth ku England, anaimika mwana wake wamkazi pa tsamba la kakombo wamkulu wa ku mtsinje wa Amazon mu 1849, ndipo tsambalo silinamire. Pansi pa tsamba limenelo pali timitanda tolukanalukana. Paxton ananena yekha kuti tsambali linamuthandiza pa kamangidwe ka nyumba zake zagalasi, ndipo ndi iye amene anajambula Crystal Palace, chinyumba cha galasi ndi chitsulo chimene chinamangidwa ku London mu 1851.

Pogula malata

Choyamba ndi geji. Nambala ikamakula, lata limapyapyala: geji 28 ndi yokhuthala kuposa 30, ndipo 30 ndi yokhuthala kuposa 32. Lata lopyapyala likhoza kuoneka louma bwinobwino m'sitolo chifukwa mizere ikuligwira. Kufooka kwake kumaonekera padenga. Msana wake umalowa m'kati munthu akapondapo, dzimbiri limaliboola msanga, ndipo mphepo ikalikoka limang'ambika mozungulira msomali n'kuuluka, misomali n'kutsala pa thabwa. Pofunsa mtengo, funsaninso kukhuthala kwake m'mamilimita, chifukwa nambala imeneyo ndi imene mungayerekeze bwino pakati pa sitolo ina ndi inzake.

Chachiwiri ndi kuya kwa mizere. Chitsulo chofanana chikapindidwa mizere yosaya chimatuluka chotambalala, ndipo wogula amaona ngati wapindula poti malata ochepa afolera malo aakulu. Koma taona kale kuti msinkhu ndi umene umaumitsa. Pitani ndi rula ku sitolo, muigoneke pa misana iwiri, muyeze kuya kwa ngalande.

Chachitatu ndi kutalikirana kwa matabwa okhomerapo. Kuchotsa thabwa limodzi pa awiri aliwonse kumaoneka ngati kupulumutsa ndalama, koma mpata ukawirikiza kawiri, lata limagwa pakati ka 8 munthu yemweyo akaimapo. Opanga malata amanena mpata woyenera mtundu uliwonse ndi geji iliyonse. Mmisiri aufunse ndipo autsate.

Pokhoma ndi posamala

Msomali wa malata umakhomedwa pa msana, chifukwa mu ngalande ndi mmene mumayenda madzi. Ukhomedwe mpaka chipewa chake chigwire lata, osapitirira. Mmisiri akaumenya mpaka msana kuphwatalala, wachotsa msinkhu pamalo pamene lata likufunika kulimba, ndipo wapanganso kadzenje kosunga madzi pa bowo penipeni.

Mphepo yamkuntho sikankhira denga pansi, imalikokera m'mwamba, ndipo imakoka kwambiri m'mphepete, m'makona ndi pamwamba pa denga. Malo amenewa ndi ofunika misomali yambiri kuposa pakati. Malata asatulukenso kwambiri kupitirira thabwa lomaliza la kukhonde, chifukwa mbali yolendewera ndi imene mphepo imayambira kuipinda. Komanso mizere singapulumutse denga limene lanyamuka lonse pamodzi ndi matabwa ake. Mitengo ya denga imangiriridwe ku khoma ndi waya wokhuthala kapena lamba wachitsulo wolowa m'mizere ingapo ya njerwa.

Wokwera padenga aponde motsata mzere wa misomali, poti pansi pake pali thabwa. Ana asakwere kukatenga mpira. Kupondereza denga ndi miyala kapena njerwa kumaphwanya misana ndipo kumasunga chinyezi chimene chimabweretsa dzimbiri. Malata akale amene anapindidwa ndi mphepo n'kuwongoledwa ndi hamala sabwerera mphamvu yake yakale, choncho ndi oyenera pa khola kapena pa mpanda, osati pa kalasi.

Malata amene agulidwa koma sanakhomedwe asungidwe pouma, pamwamba pa matabwa, mbali imodzi itakwera pang'ono. Madzi akalowa pakati pa malata osanjikizana, zinki amayamba kudyeka n'kuchita zoyerayera ngati ufa, lata lisanaone n'komwe denga. Powanyamula, anthu awiri aligwire lata cham'mbali, asalikwekwerese pansi kapena pa linzake.

Ophunzira, ntchito yanu sabata ino ndi iyi: chitani za pepala zija kunyumba makolo akuona. Pindani mapepala atatu, lina mipindo ya theka la sentimita, lina ya sentimita imodzi, lina ya masentimita awiri, ndipo mulembe kuchuluka kwa ndalama zachitsulo zimene lililonse lanyamula lisanagwe. Onetsetsaninso mmene lagwera: kodi lathyoka pakati, kapena mipindo yafutukuka n'kuphwatalala? Mukamata timapepala tosalala pamwamba ndi pansi pake, mwapanga katoni, ndipo muyesenso. Mukatero zungulirani pakhomo muwerenge zinthu zimene zili ndi mizere, mipindo kapena mlomo wopindidwa, mubwere nazo zolembedwa.

Makolo ndi a komiti, mvula isanayambe tizungulire makalasi, madrasa, mzikiti ndi nyumba zathu. Tiyang'ane misomali imene yazuka, misana imene yaphwatalala, ndi malata a m'mphepete amene akugwedera mphepo ikawomba. Zimenezi zikhoza kukonzedwa ndi misomali yochepa komanso tsiku limodzi la mmisiri.